Kumanga mfundo pa pulogalamu yatsopano ndi dzina lake: malangizo kwa olemba Wikipedia mongodzipereka

Olemba Wikipedia amakangana pa zambiri, koma mikangano imene imasiya zilonda ndi iwiri: tiyatse chida chakutichakuti kapena tisayatse, ndipo tichitchule kuti chiyani m'chinenero chathu. Pa Wikipedia ya Chingerezi nkhani zotere zimadutsa m'manja mwa anthu mazanamazana. Pa ya Chichewa, ya pa ny.wikipedia.org, olemba mokhazikika ndi owerengeka, moti munthu mmodzi wachangu akhoza kusintha zinthu usiku umodzi anzake ali mtulo, m'mawa n'kumati palibe anakana. Malangizowa ndi a gulu laling'ono lotere. Omasulira Firefox pa Pontoon kapena LibreOffice pa Weblate apezamonso zowathandiza, ngakhale zitseko zogogoda n'zosiyana.

Yambani ndi kulekanitsa milandu

Tinene kuti wina walemba kuti, "Titsegule Content Translation kwa aliyense ndipo tiitche Chomasulira Nkhani." Content Translation ndi chida chothandiza kumasulira nkhani kuchokera ku Wikipedia ya chinenero china. Apa pali milandu iwiri. Mayi wina akana chifukwa akuopa zomasulira za makina, bambo wina akana chifukwa dzinalo silikuwakomera ngakhale chidacho akuchifuna, ndipo wowerenga mayankho aona "ayi" awiri osadziwa kuti anthuwa akukana zinthu zosiyana. Tsegulani mitu iwiri. Wa chida ukhale patsogolo, chifukwa palibe phindu kulimbirana dzina la chinthu chimene mwina simuchiyatsa n'komwe.

Pa mlandu uliwonse funsani kaye kuti: zikavuta, tibwerera bwanji? Yankho lake ndi limene likuuzeni liwiro loyendera. Mawu a pa batani akalakwika mumawakonza lero, pakatha sabata imodzi kapena ziwiri n'kuoneka atasintha. Koma dzina la chigawo cha masamba, monga User, File kapena Category, limalowa m'maadiresi ndi m'malinki ambirimbiri, ndipo ngakhale mutadzalisintha muyenera kusunga lakalelo mpaka kalekale kuti malinki asafe. Chobwezeka msanga chitani msanga, musachiitanire msonkhano. Chovuta kubweza chidekhereni.

Dziwani chimene chili m'manja mwanu

Musanavote, fufuzani kuti amene angachite zimene mukufunazo ndani. Tizida ting'onoting'ono totchedwa ma gadget, monga HotCat yothandiza kuika nkhani m'magulu, timayatsidwa pa wiki pomwepo, koma kuyambira mu 2018 wokhudza JavaScript, malamulo a kompyuta oyendetsa tsamba lonse, amafunika udindo wapadera woposa wa adimini wamba. Wiki yaing'ono ikakhala kuti ilibe wopereka maudindo, amapereka ndi ma steward, othandiza ma wiki onse, a pa Meta, wiki yogwirizanitsa mapulojekiti onsewa, nthawi zambiri kwa miyezi yowerengeka, ataona kuti pempholo linakambidwa pa wiki yanuyo. Mawu a pa mabatani ndi m'mamenyu amamasuliridwa pa translatewiki.net, yomwe anayambitsa Niklas Laxström wa ku Finland. Kusintha logo, kusintha mayina a zigawo kapena kuyatsa pulogalamu yowonjezera kumapemphedwa pa Phabricator, webusaiti yoperekera mapempho kwa okonza mapulogalamu, yomwe inalowa m'malo mwa Bugzilla mu 2014, ndipo akumenekowo chinthu choyamba kufunsa ndi linki ya pamene munagwirizana.

Ndiye pali zina zimene voti yanu singasunthe. Mu 2014 Wikimedia Foundation, bungwe loyendetsa Wikipedia, inayatsa Media Viewer, pulogalamu yoonetsa zithunzi mokulitsa. Olemba a Wikipedia ya Chijeremani, gulu lalikulu komanso lolimba, anavota kuti izimitsidwe, ndipo adimini wina anaizimitsadi kudzera pa tsamba la JavaScript. Mu Ogasiti chaka chomwecho bungwelo linapanga loko watsopano wotchedwa Superprotect n'kutseka tsambalo kuti ngakhale maadimini asaligwire. Anthu mazanamazana anasaina kalata yodandaula, ndipo lokoyo anadzamuchotsa mu Novembala 2015, koma Media Viewer ilipo mpaka lero. Pa Meta pali tsamba londandalika zosintha zimene sizivomerezedwa, liwerengeni musanayambe. FlaggedRevs mwachitsanzo, ija imabisa zosintha kufikira wina ataziona, Ajeremani akhala nayo kuyambira 2008, koma kwa zaka tsopano mapempho oti iyatsidwe pa wiki ina yatsopano akukanidwa. N'zopweteka kusonkhanitsa anthu kwa mwezi, onse n'kuvomera, kenako n'kuuzidwa kuti sizitheka.

Lembani pempho loti munthu angaliyankhe

Pempho labwino limanena vuto lisanatchule chida. Likhale lalifupi loti munthu aliwerenge pa foni ali m'minibasi. Mwachitsanzo:

"Nkhani za zaumoyo ndi zaulimi tili nazo zochepa, ndipo tikamasulira pamanja zithunzi ndi maumboni zimatsalira. Ndikupempha kuti tiyese Content Translation kwa miyezi 3. Choopsa ndi zomasulira za makina zosakonzedwa. Ine ndi a Uje tiziwerenga nkhani iliyonse yotuluka m'chidachi. Zikapanda kuyenda tipempha kuti gawo la makina lizimitsidwe. Zokambirana zitsekedwa pa 30 mwezi uno."

Mzere wotchula amene aziyang'anira ndi umene ambiri amaudumpha, chonsecho ndiwo mtima wa pempho. Chida chopanda mwini chili ngati mjigo umene bungwe linakumba n'kuchoka osasiya komiti: chaka choyamba mudzi wonse ukumwa, tsiku loti labala yatha palibe wodziwa kumasula, anthu n'kubwerera kudambo. Gadget yokopedwa ku wiki ina imasiya kugwira ntchito MediaWiki, pulogalamu yoyendetsa wiki, ikasintha, ndipo MediaWiki ya pa Wikipedia imasintha pafupifupi sabata iliyonse. Ngati palibe wodzipereka kuti aziikonza, yankho lolondola ndi "pakadali pano ayi", ngakhale chidacho chikome bwanji.

Yesani pa mafoni amene anthu ali nawodi

Opanga mapulogalamu amayesera pa makompyuta aakulu ndi intaneti yosaduka. Inu yeserani pa Itel kapena Tecno yodzadza zithunzi, netiweki ikubwera n'kupita, bandulo ya tsiku itatsala pang'ono kutha. Pezani anthu atatu kapena anayi, mmodzi akhale woti sanalembepo pa Wikipedia, muwapatse ntchito imodzi yeniyeni: akonze chiganizo, aike umboni, asunge. Inu khalani chete muziona pamene chala chawo chikuzengereza. Lembani zimene mwaona pansi pa pempholo, kuphatikizapo ma MB amene apita.

Kuthamangira kuyatsa kunapweteka ngakhale akuluakulu. VisualEditor, yomwe imalola munthu kulemba osaona zizindikiro za wiki, inayatsidwa kwa olemba a Wikipedia ya Chingerezi mu Julayi 2013 isanapse bwino. Inkaononga masamba ena posunga, anthu anakwiya, ndipo pofika Seputembala inabwezedwa kuti aziiyatsa yekha woifuna. Lero ndi chida chabwino, koma mbiri yoipa ija inaitsata kwa zaka.

Pa zomasulira za makina chenjerani kuposa pa china chilichonse. Google Translate inayamba Chichewa mu Disembala 2014, ndipo masiku ano munthu wosadziwa ngakhale "muli bwanji" akhoza kutulutsa nkhani makumi pa tsiku, zooneka ngati Chichewa ukaziyang'ana patali. Wikipedia ya Chingerezi inazimitsa makina m'chida cha Content Translation mu 2016 itatopa n'kusesa. Mu 2020 zinadziwika kuti nkhani zikwizikwi za pa Wikipedia ya chinenero cha Scots zinalembedwa ndi mnyamata wa ku America wosachilankhula. Iye sankafuna kuononga, kungoti panalibe womuwerengera. Content Translation ili ndi malire oletsa kusindikiza nkhani imene womasulira sanaikonze mokwanira, ndipo gulu likhoza kupempha kuti malirewo akhwimitsidwe. Ine ndikanakhala wosankha, ndikanapempha zimenezo tsiku loyamba lomwe, osadikira kuti zinyalala ziyambe zaunjikana.

Itanani anthu, ndipo kambiranani poyera

Gulu la pa WhatsApp ndi labwino poitanirana, koma si pomangira mfundo. Wolowa mawa saona zimene munakamba dzulo, foni ikabedwa mbiri yapita, ndipo a Phabricator sangalandire chithunzi cha macheza anu ngati umboni. Mukakambirana pa foni kapena pamaso, wina alembe chidule pa tsamba la zokambirana za gulu pa wiki, ndipo aliyense akasaine yekha ndi akaunti yake.

Siyani uthenga pa tsamba la aliyense amene walembako m'miyezi yapitayi, otsutsa anu omwe. Kuitana okhawo amene mukudziwa kuti avomera ndi chinyengo, ndipo chikadziwika chigamulo chonse chimagwa. Kumbukiraninso kuti chilembo cha ny si cha Malawi yokha. Ku Zambia Chinyanja ndi chimodzi mwa zinenero 7 zovomerezeka m'zigawo, ku Tete ndi ku Niassa chimalankhulidwa, ndipo malamulo aakulu a Zimbabwe a mu 2013 amatchula Chichewa pakati pa zinenero 16 za dzikolo. Wolemba wa ku Chipata ali ndi mawu ofanana ndi wa ku Lilongwe.

Perekani masabata awiri pa nkhani wamba, mwezi pa yovuta kubweza. Sabata imodzi imachepa kwa anthu odalira bandulo ya pakutha pa mwezi ndi magetsi othimathima.

Tsopano mayina

Apa mpamene pamatentha, chifukwa pa JavaScript ambiri amakhala chete koma pa chinenero aliyense ndi katswiri. Gawani mayina m'mitundu itatu, pakuti uliwonse uli ndi muyeso wakewake.

Mtundu woyamba ndi mayina a mapulojekiti ndi zida: Wikipedia, Wikidata (nkhokwe ya mfundo za zinthu), Commons (nkhokwe ya zithunzi). Zinenero zina zinawapinda. Achiwelsh amalemba Wicipedia, a Esperanto Vikipedio, ndipo Wiktionary ya Chiswahili imatchedwa Wikamusi. N'zololedwa, koma ganizani za mwana wa sukulu amene akufufuza pa Google: alemba dzina limene anamva pa wailesi. Ine ndimaona kuti dzina lisiyidwe, mumasulire mawu ofotokoza a pansi pa logo. Ndipo musapeputse mmene anthu amakondera dzina limene akhala akuligwirira ntchito. Mu 2020 Wikimedia Foundation inafuna kudzitcha ndi dzina la Wikipedia, ongodzipereka anakana mwaunyinji pa Meta, ndipo mu Seputembala chaka chomwecho bodi inaimitsa ntchitoyo, ndalama ndi nthawi zitapita kale.

Mtundu wachiwiri ndi mawu a pa mabatani, mamenyu ndi zigawo. Muyeso wake ndi umodzi: kodi munthu adziwa chimene chichitike akadina? Muimbireni azakhali anu amene sali m'gululi, muwawerengere mawuwo, muwafunse kuti akuganiza kuti batanilo lichita chiyani. Akalephera, mawuwo agwa, ngakhale atakhala Chichewa chakuya chotani. "Fayilo" aliyense amaidziwa kuchokera ku ofesi ndi kuchipatala. Mawu opeka kumene oilowa m'malo adzafuna kuwamasuliranso. Anzathu a Chiswahili anatenga Faili osachita manyazi, pomwe pa zigawo zina anapeza mawu awoawo monga Mtumiaji ndi Jamii. Mtanthauziramawu ndi zolemba za Centre for Language Studies ku Zomba, yomwe inalowa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996, zikuthandizani pa kalembedwe, koma pa batani womaliza kugamula ndi wodinayo.

Gwirizanani msanga za ulemu. Batani lizinena "Sunga" kapena "Sungani"? Kwathu munthu wosamudziwa sumulamula ngati mwana, ndiye "Sungani", "Fufuzani", "Lowani". Chachikulu n'chakuti zikhale chimodzimodzi paliponse, osati apa "Lowani" apo "Tuluka".

Kenako pali msampha umene Chingerezi chilibe. Uthenga wa pulogalamu umakhala ndi kabowo kolembedwa $1, momwe kompyuta imaikamo dzina kapena nambala. Mukalemba "$1 yachotsedwa", ziyenda bwino pa fayilo, koma pa tsamba pafunika "lachotsedwa", pa chithunzi "chachotsedwa". Yang'anani kaye kuti m'kabowomo mulowa chiyani. Chikakhala chosinthasintha, tembenuzani chiganizo kuti chisadalire mgwirizano: "Mwachotsa $1." Pa manambala chimodzimodzi, MediaWiki ili ndi PLURAL yosankhira pakati pa chimodzi ndi zambiri, koma musaikemo dzina lokha, muikemo ndi mneni yemwe, kuti pakhale "tsamba lasinthidwa" ndi "masamba asinthidwa". Mukaona mawu olakwika pa tsamba koma osadziwa dzina la uthenga wake, onjezerani ?uselang=qqx kumapeto kwa adiresi, mayina onse a mauthenga aonekera. Konzerani pa translatewiki, osati pa wiki yanu yokha, kuti woika Chichewa pa Commons kapena pa Wikidata apindule nawo.

Pa mayina a zigawo onjezerani muyeso wa kufupika. "Wogwiritsa ntchito" si wolakwika, koma tsamba lake lokambirana likhala "Zokambirana za wogwiritsa ntchito", ndipo zimenezi munthu azilemba ndi chala chachikulu nthawi iliyonse. Pewaninso zilembo zovuta pa kiyibodi. Ena amalemba Malaŵi, ambiri Malawi. Ku Zambia ndi ku Mozambique amalemba Cinyanja, kuno Chinyanja. Choipitsitsa ndi kachizindikiro ka mu "ng'ombe": mafoni ena amatulutsa kowongoka, ena kopindika, ndipo kwa kompyuta amenewo ndi mayina awiri osiyana, moti mukhoza kupeza nkhani ziwiri za ng'ombe yomweyo. Sankhani kalembedwe kamodzi, dzina linalo lizilozera ku limene mwasankhalo.

Mtundu wachitatu ndi mayina a malo ndi anthu. Mikangano yambiri pano imatha ndi tsamba lolozera, lija limatengera munthu ku dzina lina akalemba lina. Nkhani ikhale pa Johannesburg, wolemba "Joni" afikebe. Mangalande alozere ku England. Aigupto ndi Ejipito a m'Mabaibulo athu alozere kumene mwasankha, ndipo mayina onsewo muwaikenso pa Wikidata ngati mayina ena a chinthucho. Chofunika kugwirizana ndi lamulo losankhira mutu, lolembedwa nkhondo isanayambe: titsata dzina limene nyuzipepala, wailesi ndi mabuku a sukulu a Chichewa akugwiritsa ntchito lero, likasowa, titenga la eni malo m'kalembedwe kawo. Mayina a anthu samasuliridwa, kupatula okhazikika kale monga a m'Baibulo.

Dzina likakhala ndi ndale m'kati, lamulo lolembedwalo ndi limene lingakupulumutseni. Nyanja imene ife timati ya Malawi, ku Tanzania amati Nyasa, ku Mozambique Niassa, ndipo kuseri kwa mayinawo kuli mkangano wa malire pakati pa Malawi ndi Tanzania. Tchulani onse m'chiganizo choyamba, musabise. Pa Wikipedia ya Chingerezi anthu anakokanakokana kwa zaka pa mzinda wa ku Poland, Gdańsk kapena Danzig, mpaka mu 2005 anavota n'kugawa ndi zaka: Danzig pa nkhani za pakati pa 1308 ndi 1945, Gdańsk pa zina zonse. Kiev anaisintha kukhala Kyiv mu Seputembala 2020, atadikira kuti mabungwe ofalitsa nkhani ngati BBC ndi Associated Press ayambe asintha. Pomwe dziko lasintha lokha dzina, monga Swaziland kukhala Eswatini mu 2018, sipafunika kulimbana. Sunthani, dzina lakale lilozere.

Ndipo dzina la chinenero chenichenicho musalitsegule mwachisawawa. Chinkatchedwa Chinyanja mpaka 1968 pamene Malawi anachitcha Chichewa, anzathu oyandikana nawo sanasinthe, ndipo voti ya anthu asanu singathetse zimenezo. Lembani onse awiri pamene pakufunika, mupitirize ntchito.

Tsekani mlandu

Tsiku likakwana, atseke ndi munthu amene sanatenge mbali, osati mwini pempho. Pa gulu laling'ono munthu wotere amasowa. Pemphani wa ku Wikipedia ya Chitumbuka kapena ina yoyandikana nayo amene amamva Chichewa. Wotsekayo awerenge zifukwa, asangowerenga mitu. "Ndikuvomera" asanu ochokera ku maakaunti otsegulidwa dzulo salemera kuposa "ayi" mmodzi wosonyeza kuti chidacho chikufufuta maumboni posunga. Koma "sindikuchikonda" wopanda chifukwa asaimitsenso gulu lonse, ngakhale wonenayo akhale woyamba kulemba pa wikiyo.

Nanga pakakhala zii? Pa chinthu chobwezeka, chete wa masabata awiri mutaitana anthu mokwanira ndi chilolezo. Lembani kuti palibe anatsutsa, chitani. Pa dzina la chigawo kapena logo, chete sakwanira. Pitani mukawapeze anthu awiri kapena atatu olankhula chinenerochi, alembe maganizo awo.

Chigamulo chilembedwe m'ziganizo zochepa pamwamba pa zokambiranazo: chimene chagwirizanidwa, zifukwa zimene zapambana, nkhawa za otsutsa, ndi tsiku lodzaonanso. Mbali zikafanana mphamvu, zinthu zikhale mmene zinalili.

Perekani pempho, sungani mawu

Pa Phabricator lembani m'Chingerezi chosavuta: wiki yake, chimene chisinthe, linki ya chigamulo. Pa mayina a zigawo ikani mndandanda wa dzina lakale ndi latsopano moyang'anizana, limodzi ndi la tsamba lake lokambirana, ndipo nenani kuti akale akhalebe ogwira ntchito. Musanatumize fufuzani ngati pali nkhani imene mutu wake ukuyamba ndi mawu omwewo otsatidwa ndi madontho awiri, chifukwa yotere imasowa dzinalo likasanduka chigawo. Ambiri oyankha kumeneko ndi ongodzipereka ngati inu nomwe. Pakadutsa masabata awiri muli chete, kumbutsani kamodzi mwaulemu.

Mawu onse amene mwagwirizana aikeni pa tsamba limodzi: la Chingerezi, la Chichewa, amene anakanidwa ndi chifukwa chake, ndi linki ya zokambirana. Womasulira watsopano mupatseni tsamba limeneli asanagwire uthenga ndi umodzi womwe. Wofuna kutsegulanso mlandu wakale muloleni, bola abwere ndi chifukwa chimene sichili pa tsambalo.

Miyezi 3 ija ikatha, bwererani pa mutu womwe uja ndi manambala: nkhani zingati zinatuluka m'chidacho, zingati zinafufutidwa, zingati zikudikirabe wowerenga. Ngati odikirawo achuluka kuposa amene a Uje ndi mnzawo angakwanitse, tsegulani pempho lozimitsa gawo la makina, muikepo linki ya chigamulo choyamba pamene munalonjeza kutero.